Thabwa Losapala

Manu Robles Tavora anali kalipentala wamanzere, ndipo manzere akewo ankawanyadira monga mmene ena amanyadirira ana. Ana analibe. Mkazi anali naye kale, koma anasiyana popanda phokoso, aliyense n'kunyamula mipando yake. Pofika zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu, chimene chinamutsalira chinali kashopu ka matabwa m'mbali mwa ngalande ina mu Amsterdam, mlongo wake wamkulu Gracia, ndi nkhani ya kabati.

Kabatiyo inali yosungiramo mipukutu ya Malamulo. Anthu a mpingo wawo anabwera nayo pa sitima kuchokera ku Suriname, zaka zija aliyense ankathamangira kuno kudzazizidwa. Anasiya nyumba, anasiya manda a makolo m'mphepete mwa mtsinje, koma kabati anati ayi, iyi tipita nayo. Tsopano inkaima m'kasunagoge kawo, pamwamba pa sitolo ya njinga. Pansi anathirapo mchenga ngati kwawo, ndipo mwini sitoloyo anatha zaka makumi anayi akudandaula kuti mchengawo umagwera m'matcheni a njinga zake. Palibe anamumvera.

Kunja kwake kabatiyo inali yosalala moti dzanja linkatsetsereka lokha. Koma ukatsegula zitseko n'kusuntha mipukutu, kumbuyo kunali thabwa limodzi losapala, lodzaza mabala a kasemasema. Mwana aliyense mumpingomo ankadziwa chifukwa chake. Myuda akamanga nyumba amasiya kachigamba ka khoma kosapaka, kuti asaiwale Kachisi wa ku Yerusalemu amene anagwetsedwa. Ndiye ankati Selomoh Robles Tavora, kholo la Manu, atasema kabatiyo ndi manja ake, anasiya thabwalo dala pa chifukwa chomwecho. Mabala ake anapendekera mbali imene amapendekera a munthu wamanzere. Manu ali wamng'ono, bambo ake anamugwira dzanja n'kuliika m'mabalawo.

"Ukuona? Dzanja ili si lako," anatero. "Wangobwereka kwa agogo ako."

Kuyambira tsiku limenelo aphunzitsi amene anayesa kumukakamiza kulembera kumanja anangotaya nthawi yawo.

Panalinso mwambo wa maina. Chaka chilichonse, pa Sabata lotsatira Paskha, wotsogolera mapemphero ankawerenga maina a anthu amene anamanga sunagoge wakale wa kumtsinje ku Suriname: uyu anaika mwala wa pangodya, uyu anapereka njerwa, uyu nyali. Akatchula dzina ankaima kaye, n'kuyang'ana m'munsi mokhala amuna ndi m'mwamba mokhala akazi, kufikira wina ataimirira ndi kunena kuti iye ndi ndani wake wa malemuyo. Dzina likasowa woliimirira, chaka chotsatira silinkawerengedwanso. Ankati latha ulendo wake. Mndandandawo unali utafupika kwambiri, koma dzina la Selomoh, "amene anasema kabati ndi manja ake," linali lisanasowepo munthu. Manu ankaimirira m'munsi, Gracia m'mwamba, ndipo aliyense ankati, "Ndilipo, mdzukulu wake." Kunena zoona, chaka chonse Manu ankadikira kamphindi kameneko.

Chaka chimenecho kabati inkakwanitsa zaka mazana awiri ndi theka. Akomiti anapempha Manu kuti akonze mwendo umodzi umene unafumbwa, ndiponso aseme chikwangwani chatsopano chokhala ndi dzina la mmisiri ndi tsiku lenileni limene ntchito inatha. Tsikulo palibe ankalidziwa. Wina ankati Paskha asanafike, wina ankati atapita, aliyense akulumbira pali agogo ake. Gracia ndiye anadula nkhani. Anati mabuku a misonkhano ya akuluakulu a mpingo wakale anasamutsidwira ku nyumba yosungira makalata akale konkuno, ndiye Manu apite akadzionere yekha, chifukwa kandimverere anakanena za m'maluwa.

Manu anapita atamanga tayi, ngati munthu wokaona apongozi. Amene anamulandira anali Mayi Ismene Braafhart, mayi wakuda wa magalasi olendewera pa kachingwe, wobadwira ku Suriname komweko, amene ankawerenga Chipwitikizi chakale cha m'mabukuwo ngati akuwerenga nyuzipepala. Anamuuza kuti cholembera cha inki achisiye pakhomo, chikho cha khofi asachiyerekeze, ndipo akasambe m'manja.

"Mayi, manja awa agwira matabwa okalamba kuposa mabuku anuwa," anatero Manu.

"Ndiye chifukwa chake asambe," anayankha mayiyo.

Bukulo linabwera litagonekedwa pa kapilo. Linkanunkha chinyontho cha dziko lotentha, ndipo tizilombo tinali titalambula misewu yathu m'kati mwake, mwina kudya theka la dzina la munthu, mwina kudya chaka. Mayi Braafhart ankawerenga mokweza pang'ono, chala chili m'malere osakhudza pepala, Manu akulemba ndi pensulo. Tsiku loyamba anapeza mikangano yokhayokha: mawindo akhale angati, khomo la akazi liyang'ane kuti, ndani akhale pafupi ndi khoma la kum'mawa. Manu anaseka mpaka munthu wa patebulo lina anamuyang'ana moipa. Anati anthu ake sanasinthe, angosintha dziko.

Tsiku lachiwiri kuseka kunachepa. Masambawo anayamba kutchula amene ankagwira ntchito. Oumba njerwa asanu ndi mmodzi a mayi wamasiye uje, ocheka matabwa anayi a bambo uje, wowotcha laimu mmodzi, onse akapolo, ena ndi maina, ena ongowerengedwa. Kuti kunali akapolo Manu ankadziwa, ndani sadziwa? Koma m'mutu mwake anthu amenewo ankakhala kuminda ya nzimbe, kutali, ndipo sunagoge ankangomera yekha pakati pa anthu opemphera. Sanaganizepo kuti khoma limafuna womanga, iye amene moyo wake wonse unali wa nyundo ndi misomali. Anachita manyazi, koma anadzitonthoza kuti banja lake lokha linagwira ntchito ndi manja.

Tsiku lachitatu, dzuwa litapendeka, Mayi Braafhart anasiya kuwerenga pakati pa mzere. Anawerenga chamumtima mpaka pansi pa tsamba, anabwerera pamwamba, kenako anavula magalasi.

"Bambo Tavora, tsiku lija ndalipeza. Mukufuna tsiku lokha, kapena ndiwerenge zonse?"

Manu anati zonse. Panthawiyo ankayesa kuti ndi mawu oyamikira.

Linali tsamba la msonkhano wadzidzidzi. Amuna awiri anakanena kwa akuluakulu kuti Loweruka masana, popita kumapemphero, anamva kugogoda m'shedi ya kuseri kwa sunagoge. Atasuzumira anapeza Kwamina, kapolo wa Selomoh Robles Tavora, "kalipentala wamanzere uja amene wakhala akusema kabati yopatulika kwa miyezi khumi ndi inayi," ali pa thabwa lomaliza, kasemasema m'manja. Lamulo linali lakuti pa Sabata kapolo apume monga mbuye wake, ng'ombe ndi bulu yemwe. Atamufunsa, Kwamina sanakane. Anati mbuye wake anamulonjeza kuti kabati ikatha adzamulola kupita kumtunda kwa mtsinje, ku munda wodula mitengo, kumene kunali mkazi wake ndi mwana wake. Anali atamva kuti mundawo wagulitsidwa pamodzi ndi anthu ake, ndipo eni atsopano awasamutsa. Bwato la kumtunda linkanyamuka Lamulungu m'mamawa, ndipo iye anatsala ndi thabwa limodzi.

Akuluakulu anagamula zitatu. Selomoh apepese pamaso pa mpingo, popeza sanayang'anire za m'nyumba mwake. Thabwa limene chitsulo chinalikhudza pa Sabata lisakhudzidwenso ndi chitsulo, ndipo popeza panalibe lina louma la mtengo womwewo, liikidwe kumbuyo kumene maso safika. Kalipentalayo akwapulidwe, kenako achotsedwe m'mudzimo mlungu usanathe, kuti ena atengerepo phunziro. Pansi pake panali siginecha ya Selomoh, yokongola, yopinda michira, yopanda ndi kadontho komwe kofufutika. Wamanzere aliyense amadziwa zimene dzanja lake limachita ndi inki yosauma. Selomoh sanali wamanzere.

Manu anaika pensulo pansi. Chimene chinamupweteka poyamba, tisamunamizire, sichinali zikwapu za Kwamina. Chinali dzanja lake lomwe, limene linali pa tebulo ngati chinthu chotola panjira. Chisoni cha munthu uja chinabwera pambuyo, ndipo chitabwera anachitanso manyazi kuti chinachedwa.

Anafunsa ngati bukulo linanenanso china. Mayi Braafhart anatembenuza masamba atatu n'kupeza mzere umodzi: chigamulo chachitika, kalipentala wagulitsidwa kwa mwini sitima ina yopita kuzilumba. Mkazi ndi mwana sanatchulidwe maina. Kupyola pamenepo kunali nkhani ya denga lodontha.

Ndiye Manu anayamba kulankhula mofulumira. Anati amuna a nthawi imeneyo ankabereka ana ndi akazi a kuminda, aliyense amadziwa zimenezo, ndipo mabanja anasakanikirana. Mwina mwana wa Kwamina uja anabwerera m'banjamo. Manzere amayenda m'magazi. Mwina pofufuza bwino m'mabuku a ubatizo kapena a maukwati angapezeke ulusi wina. Mayiyo anamusiya mpaka anathera yekha mawu.

"Bambo, musamusake m'magazi mwanu," anatero modekha. "Ambiri amabwera pa tebulo lomweli. Akapeza zotere amayamba kufuna chibale, kuti katundu apepuke. Munthuyu anali ndi mkazi wake ndi mwana wake, ndipo anawalandidwa. Musadziike pamalo pawo."

Manu sanakwere thiramu, kasitima koyenda m'misewu ya mumzinda. Anayenda wapansi mpaka kushopu, kumene kabati inagona chagada pa mabenchi awiri, mipukutu atakaisungitsa kwina. Anatsegula zitseko n'kuika dzanja m'mabala aja. Zaka zonsezi ankawaona ngati mabala a munthu wopemphera. Tsopano anawawerenga ngati kalipentala. Kumunsi anali ofanana, otalikirana bwino, a munthu wodziwa ntchito. Kukwera m'mwamba ankayandikirana ndi kuzama, pena n'kudumpha, ndipo bala lomaliza linathera pakati, kachipale kake kakadali kolendewera. Munthu wosiya dala sasiya choncho. Anali munthu wothamanga amene anagwidwa dzanja. Manu anali atawaona mabala amenewa kambirimbiri, ndipo diso lake la ntchito linkadziwa kalekale, koma iye sanalifunse.

Lachisanu lililonse ankakadya kwa Gracia. Anamupeza akutulutsa mbale ya pomu, chakudya cha kwawo ku Suriname, mu uvuni, akukalipira mawondo ake ndi masitepe a nyumba za kuno. Gracia anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu, wamfupi, wa pakamwa posachedwa, ndipo ankamuonabe Manu ngati kamwana kotaya nsapato. Manu anafotokoza zonse ataimirira, chipewa m'manja. Gracia anamvetsera akudula pomu m'zigawo zofanana, mpeni osagwedera.

"Ndinakutuma tsiku, iwe wabwera ndi maliro," anatero. "Bambo anamwalira akukhulupirira zimenezi. Ukufuna ukawadzutse uwauze kuti anali abodza?"

"Sanali abodza, achemwali. Anauzidwa."

"Ndiye iwenso ukanangouzidwa n'kukhala chete. Kunjaku anthu amatiwerengera machimo m'mawa ndi madzulo, ngakhale amene sitinachite. Iwe ukufuna kuwapatsa ndodo yosema bwino, yopaka vanishi."

Manu anavomereza kuti zimenezo zinali zoona, ndipo zinkamuopsa nayenso. Koma anati chikwangwanicho adzasema ndi iye, ndipo dzanja lake silidzalemba kuti Selomoh anasema kabati. Anati munthu uja anamudyera masuku pamutu ali moyo, ndipo atafa akumudyerabe, chaka ndi chaka, ataimirira m'zovala zawo zabwino. Gracia anamuuza kuti akhale pansi, asalalikire m'khitchini mwa eni. Anati iye adzaimirira kholo lake monga mwa nthawi zonse, kenako adzakhala pansi, ndipo Manu asadzayerekeze kumuyang'ana.

Dzuwa linali pafupi kulowa. Gracia anayatsa makandulo awiri a Sabata, anaphimba maso, anapemphera. Atatha sanatembenuke msanga.

"Munthu uja, bwatolo analikwera?" anafunsa, akuyang'anabe kukhoma.

"Ayi."

Manu anakumbukira mochedwa kuti chaka chosamuka chija Gracia anasiya mwamuna wake Izak m'chipatala ku Paramaribo, ku Suriname, n'kumuuza kuti angokaperekeza amayi awo, abwera miyezi iwiri isanathe. Mapepala anachedwa, ndipo kalata ya maliro inamupeza kuno. Nkhani imeneyo sankaikamba, ndipo tsiku limenelonso sanaikambe. Anadya pomu wawo.

Akomiti anakumana kawiri, khofi ndi bisiketi imodzi imodzi monga mwa dziko lino. Ena anakwiya, ena analira, wina anafunsa ngati Chipwitikizi cha mayi uja n'chodalirika. Manu anawabweretsera chithunzi cha tsambalo, ndipo mkulu wina amene ankachidziwa chilankhulocho anawerenga yekha n'kugwetsa nkhope. Madzi akatayika saoleka. Anagwirizana kuti chikwangwani chinene zoona: Selomoh anapereka, Kwamina anasema. Za mndandanda anasiyira Bambo Jaap Curiel, wotsogolera mapemphero, munthu wowonda amene ankakonda lamulo kuposa chakudya.

Bambo Curiel anati mndandandawo ndi wa omanga, osati wa Ayuda okha, ndiye dzinalo aliwerenga. Koma mwambo sangaupinde.

"Ndikalitchula ndidzadikira ngati mmene ndimadikirira ena onse. Wina aimirire, anene kuti ndi ndani wake. Akapanda kupezeka, chaka cha mawa mulibe. Ukuti ndani adzaimirire, Manu?"

Manu anabwerera kwa Mayi Braafhart atanyamula maluwa, n'kuwapempha mwaulemu wonse kuti abwere tsikulo adzaimirire dzinalo. Mayiyo analandira maluwa, koma pempho anakana.

"Chifukwa choti ndine wakuda? Anthu anga anali a ku munda wa thonje kugombe, maina awo ndinawapeza ndekha, ndipo ndimawaimirira kwathu. Uyu sindimudziwa, ndangomuwerenga. Ndidzabwera, koma ndidzakhala pansi."

Masabata otsalawo Manu anakonza mwendo wofumbwa uja, anasema chikwangwani pa thabwa la mkungudza. Dzina la Kwamina analisema masiku awiri, chilembo chilichonse akuchibwereza, chifukwa ankaopa diso la mwini dzina. Thabwa la kumbuyo sanalikhudze, anangopukuta fumbi ndi nsalu yofewa. Ali yekha m'shopumo ankayesa mawu oti adzanene. "Ndilipo, mdzukulu wake" linali bodza. "Ndilipo, mnzake wa ntchito" kunali kudzikweza, pakuti iye ankalipidwa ndipo Loweruka ankagona kwake. "Ndilipo, mdzukulu wa mbuye wake" ankalitchula mpaka pakati, n'kuona kuti ndi mawu oti munthu akubwera kudzatenga chake kachiwiri. Pomaliza anagonja. Anati bola dzinalo limveke kamodzi m'nyumba imene mwini wake anaikongoletsa, ngakhale likhale loyamba ndi lomaliza. Maganizo amenewa sanamupatse mtendere.

Sabata lija kunadzaza kuposa masiku onse. Anabwera ngakhale aja amangooneka pa maliro, ena kuchokera ku Rotterdam, chifukwa mbiri inali itayenda. Kabati inaima pamalo pake ikunyezimira, chikwangwani chatsopano pambali. Mchenga anathira watsopano, ndipo mapazi sankamveka. Manu atakweza maso anaona Mayi Braafhart m'mwamba, kumapeto kwa benchi, chikwama pamiyendo. Gracia anali pamalo pake a nthawi zonse, kutsogolo, chipewa chake cha buluu chili chilili, osayang'ana munthu.

Atatha kuwerenga gawo la Malamulo, Bambo Curiel anatenga mndandanda. Anatchula woika mwala wa pangodya, ndipo nkhalamba ina inadzuka ndi ndodo n'kunena kuti ndi mdzukulu wake. Anatchula wopereka njerwa, mtsikana wina m'mwamba anayankha. Anatchula wa nyali, padapita kanthawi, kenako munthu wa ku Rotterdam anakumbukira kuti ndi wa kuchimuna kwa amayi ake, anthu n'kuseka pang'ono.

"Selomoh Robles Tavora, amene anapereka kabati."

Mawu ochepa okha ndiwo anasintha, koma Manu anawamva bwino lomwe. Anaimirira. Ngakhale zinali choncho, munthuyo anali kholo lake, ndipo kholo sulikana chifukwa chakuti walidziwa. Anati, "Ndilipo, mdzukulu wake," ndipo m'mwamba mawu a Gracia anabwereza zomwezo, ouma ngati kale. Manu anakhala pansi.

"Kwamina, amene anasema kabati ndi manja ake."

Bambo Curiel analitchula bwino, mosathamanga, kenako anatsitsa pepala n'kudikira. Anayang'ana kumanja kwa amuna. Anayang'ana kumanzere. Manu anagwira m'mphepete mwa benchi, maso pa mchenga. Ankamva galimoto zikudutsa kunja, ndi belu la njinga pansi pa sitolo. Palibe anatsokomola. Zaka zonse ankaganiza kuti kudikira kumeneku n'kwakufupi, chifukwa iye ankadzuka dzina lisanathe. Tsopano anaona kutalika kwake, ndipo anamva chisoni chimene sanachimvepo ngakhale pa maliro a bambo ake.

Bambo Curiel anakweza maso m'mwamba, ndipo sanawatsitse. Anthu anayamba kutembenuka mmodzimmodzi. Manu, amene anauzidwa kuti asayerekeze kuyang'ana, anayang'ana.

Gracia anali asanakhale pansi. Anagwira chitsulo cha kutsogolo ndi manja onse awiri. Mayi wina pambali pake anamukoka diresi, poyesa kuti mawondo amukanika, koma iye anamugwedezera phewa kuti amusiye.

"Mayi Gracia," anatero Bambo Curiel, mawu ake atatsika, "mwambo mukuudziwa. Ndinu ndani wake?"

"Ndilipo," anatero Gracia. "Sindine m'bale wake. Abale ake anali kumtunda, akumudikira pa doko. Ine ndine amene ndapezeka ndi katundu wake m'nyumba."

Bambo Curiel anasinkhasinkha ngati mwambo uli ndi malo a chibale chotere. Mwambowo unkangoti munthu anene kuti ndi ndani wake, ndipo mayiyo anali atanena. Manu anapeza kuti waimirira, osadziwa kuti wadzuka liti.

"Ndilipo. Nanenso chimodzimodzi."

Kumbuyo kwake benchi inalira. Nkhalamba ya ndodo ija, mdzukulu wa woika mwala wa pangodya, inali kulimbana ndi miyendo yake kuti idzuke kachiwiri. Mtsikana wa njerwa uja anaimiriranso. Ena anakhalabe pansi, nkhope zili gwa, ndipo mmodzi anatuluka. Mayi Braafhart anakhala pamene anakhala, monga ananenera, magalasi ali m'manja.

Pa Sabata salemba, ndiye Bambo Curiel sanathe kuchonga pa pepala. Anangogwedeza mutu kamodzi, monga ankachitira dzina likapeza mwini, n'kupita pa dzina lotsatira.

Ntchito yotsegula kabati pobwezera mipukutu tsiku limenelo inali ya banja la Tavora kuyambira kale. Manu anayenda pa mchenga, anagwira chitseko ndi dzanja lake lamanzere, n'kutsegula mbali zonse ziwiri mpaka kumapeto. Mipukutu inali ikadali m'manja mwa oinyamula, ndipo kumbuyo kunali poyera. Anapatuka pang'ono kuti asatchinge, ndipo sanafulumire kuitana onyamulawo.

Potuluka anamupeza Gracia pa masitepe, akutsika imodzi imodzi, akutukwana amene anamanga nyumbayo. Anamupatsa mkono, iye n'kuulandira mokhala ngati akumuchitira chifundo.

"Usandiyang'ane choncho," anatero. "Ndipo uyambe kudya bwino, iwe. Mawondo angawa satha zaka zambiri. Ndikapita ine, woimirira munthu uja watsala ndiwe wekha, ndipo ana ulibe."